Mankhwala a TB Ndi Aulere, Nanga Nsima?

Kwa Mfumu Jumbe, m'boma la Mambwe, munthu wamkulu akatsokomola masabata awiri osaleka, namatuluka thukuta usiku ndi kuonda, acibale amamtengera ku cipatala ca Kamoto kapena ku kiliniki yapafupi kukapimitsa makhololo. Akampeza ndi cifuwa cacikulu ca TB, amalandira mankhwala osalipira ngakhale ngwee imodzi: mitundu inai pa miyezi iwiri yoyamba, mitundu iwiri pa miyezi inai yotsatira. Pamenepa Boma lacita mbali yake. Koma wodwalayo akabwerera kumudzi, adzadya ciani pa miyezi 6 yonseyi?

Funsoli si laling'ono. Tizilombo ta TB tikhoza kukhala m'thupi la munthu zaka zambiri osamdwalitsa, popeza thupi lamphamvu limatitsekereza. Thupi likafooka ndi njala kapena ndi HIV, tizilomboto timadzuka. Matendawo akayamba amacotsa cilakolako ca cakudya nasungunula mnofu, kotero kuti amene anali woonda kale amatsala mafupa okhaokha. Bungwe la WHO linawerengera kuti m'caka ca 2023 anthu pafupifupi 1 miliyoni pa dziko lonse anadwala TB cifukwa ca kusowa cakudya cokwanira. Mowa, fodya, HIV ndi matenda a shuga, ciliconse pacokha, sicinafike pa nambala imeneyi.

Umboni wakuti cakudya cimapulumutsa unacokera ku India, m'midzi yosauka ya cigawo ca Jharkhand. Kumeneko madokotala anatsatira odwala 2,800 pamodzi ndi mabanja ao. Odwala onse anali kulandira cakudya, ndipo m'mabanja ena munthu wamkulu aliyense wa m'nyumbamo anali kupatsidwanso makilogramu 5 a mpunga ndi kilogramu imodzi ndi theka ya nyemba mwezi uliwonse. Zotsatira zinalengezedwa mu 2023. M'mabanja olandira cakudyawo odwala TB atsopano anacepa ndi pafupifupi 40 pa 100 alionse. Ndiponso odwala amene anaonjezera 5 pa 100 ya kulemera kwao m'miyezi iwiri yoyamba anafa ocepa kwambiri poyerekeza ndi anzao. Kwa munthu wolemera makilogramu 40, amenewa ndi makilogramu 2 cabe.

Mpunga ndi nyemba si zacilendo m'cigwa ca Luangwa. Bvuto ndi lakuti nkhokwe za kuno sizikhulupirika. Caka cina njobvu zimamaliza munda usiku umodzi, caka cina Lupande amasefukira, ndipo mu 2024 cilala cinapsereza cimanga mpaka Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti dziko lagwa m'tsoka. Tsono TB imakonda kugwira munthu wa msinkhu wogwira khasu. Iye akagona, munda umagonanso.

Pali cizolowezi cina cimene ciyenera kuunikidwa. Mwana wamng'ono amakwezedwa pa sikelo mwezi ndi mwezi, ndipo akatsika mudzi wonse umada nkhawa. Wamkulu akaonda anthu amangoti, "Ndi wamkulu, apirira." Makamaka mai wodwala ndiye amabvutika, pakuti ndiye amaomola nsima, kugawira bambo ndi ana, iye n'kutsala ndi zokokota mumphika. Nkhuku ili pabwalo, koma ikudikira mlendo amene sanadziwike tsiku lobwera. Mazira akusungidwa kuti aswe anapiye. Mlendo angadye ndiwo zamasamba osafa nazo. Wodwala TB ndiye afunika nkhukuyo.

Nshawa, soya ndi mpunga zikakololedwa zimapita kwa ogula monga COMACO ndi amalonda a ku Chipata. Kugulitsa si kulakwa, popeza sukulu ndi sopo zimafuna ndalama. Koma nyumba imene muli wodwala isunge thumba la nshawa ndi la nyemba. Phala lothira nsinjiro, ndiwo zotendera, nsomba, dzira limodzi pa tsiku, zonsezi zimabweza thupi. Amene sangathe kumaliza mbale adye pang'onopang'ono kasanu pa tsiku. Mowa ausiyiretu, cifukwa umaononga ciwindi cimene cikulimbana kale ndi mankhwala. Ndipo asaleke mankhwala poti alibe cakudya. Apite akauze anamwino.

Komabe banja losauka silingasenze lokha katundu uyu. A zaumoyo amayesa wodwala pa sikelo akabwera kudzatenga mankhwala. Nambalayo isathere pa khadi, iuzidwe kwa acibale momveka, ndipo ikatsika idziwike kwa a nchito za cisamaliro ca anthu. Makomiti a m'midzi amene amalemba maina a olandira ndalama za Social Cash Transfer ayenera kuyang'ananso nyumba zimene wozidyetsa wagona ndi TB, ndipo Boma liwapatse mphamvu yoziika pa mndandanda kwa nthawi ya mankhwala.

Anyakwawa naonso ali ndi cida cakale m'manja mwao, ndico dima. Munthu woyamba mankhwala mu November sadzapalira mu January. Anansi akamlimira ndi kumpalirira tsiku limodzi kapena awiri, nyumbayo idzakhala ndi cimanga ndi nshawa mu April, mwezi umene iye adzakhala akumwa mapilisi ake otsiriza.