Walira mvula walira matope

Abale anga a kwa Nyampande, ana athu ena akamabwera kuchokera ku Lusaka masiku ano akumatsika basi atafungata tiagalu taubweya wautali, ndipo ana a m'mudzi amatiunjirira mpaka dzuwa kulowa. Nafenso akuluakulu mtima wayamba kusirira. Tisanatambasule dzanja, tiyeni tikhale pansi timve kumene tiagaluti tachokera, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mtundu umodzi wa tiagaluti umatchedwa Lhasa Apso. Kwawo ndi ku Tibet, kumene mzinda wa Lhasa uli pamwamba pa mapiri, mamita oposa 3,600, ndipo chisanu chake chimalowa m'mafupa. Kumeneko kankakhala m'nyumba za amonke ndi za anthu olemekezeka. Pachipata pankalondera chigalu chachikulu, m'nyumba n'kumakhala kameneka, kakuthwa makutu, kouwa kakangomva phazi lachilendo. Eni ake sankakonda kukagulitsa, ankachita kupatsana ngati mphatso yaulemu. Ngakhale awiri amene anafika ku America mu 1933 anali mphatso ya Dalai Lama wa 13, mtsogoleri wa ku Tibet, kwa munthu wina wa ku America dzina lake Suydam Cutting. Anthu aja ankayamba adziwa mtima wa munthu asanamusiyire chamoyo m'manja.

Tsono ubweya umene unkakafunditsa m'mapiri ndiwo umakazunza kuno. Taganizani kutentha kwa Okutobala cha kuchigwa cha Luangwa, pamene ngakhale mbuzi zimathawira pansi pa nkhokwe. Kagaluka kamangoti wefuwefu, lilime panja. Kamafuna mthunzi ndi madzi osaphwa m'mbale, ndipo kuyenda nako n'kwa m'mawa kapena madzulo. Ubweyawo ukapanda kupesedwa masiku angapo umamangana mfundo, chisoso n'kukakamira momwemo. Pansi pa mfundozo ndi pobisala nkhupakupa ndi utitiri, ndipo nyengo ya mvula mphutsi zimaboola khungu mwini wake osaona kanthu. Kunja kukongola, m'kati zilonda. Akale anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati chipeso cha tsiku ndi tsiku chikulemerani, kameteni ubweya ukhale waufupi, ndipo wa kumaso muziudula kuti usamalase m'maso.

Musanyengedwe ndi msinkhu. Kamalemera makilogalamu 6 mpaka 8 okha, koma kali ndi mtima wakewake. Mlendo sikamuzolowera msanga, ndodo sikamvera, ndipo mwana wokakoka mchira kangathe kumuluma. Kamaphunzira kwa munthu wofatsa, wobwereza mawu amodzimodzi osatopa. Komanso kamakhala zaka 12 mpaka 15. Mwana amene lero akulirira kagalu adzamaliza sukulu, mwina kukwatira kumene, iko kakudikirabe chakudya pakhomo. Walira mvula walira matope. Amene akulandira mphatso yotere adzifunse ngati adzakhalebe ndi mtima womwewo kakadzakalamba, maso atachita khungu.

Chimene chimandiwawa ndi ichi: pakhomo pomwepo pamakhala galu wathu wa makolo, nthiti zili pamtunda, amene wakhala akuthamangitsa afisi kukhola ndi anyani kumunda, malipiro ake n'kukhala mwala. Mlendo akugona pampando, mwini mudzi akugona paphulusa. Munthu amene walephera kusamala galu wopirira chotere, kagalu kofuna chipeso adzakatha bwanji?

Ndipo chiwewe sichisankha galu wa mtengo wapatali. Mwana wagalu akakwanitsa miyezi itatu abayidwe katemera, kenako chaka chilichonse. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo chiwewe chikangoonetsa zizindikiro mwa munthu, mankhwala palibe. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo. A zaumoyo wa ziweto ochokera ku Petauke kapena ku Nyimba akalengeza tsiku la katemera, nyamulani waubweyayo m'manja, wa paphulusa uja mumumange chingwe, mupite nawo onse awiri.