MACRA itsegule mafunde omwe akungokhala

M'chaka cha 2013, akatswiri a fizikisi a ku Chancellor College ku Zomba, motsogozedwa ndi Dr Chomora Mikeka, anachita chinthu chomwe mayiko ochepa a mu Africa anali atayesapo. Mogwirizana ndi bungwe la MACRA komanso likulu la kafukufuku la ICTP la ku Trieste m'dziko la Italy, iwo anatumiza intaneti kudzera m'mafunde a wailesi yakanema omwe panalibe nyumba youlutsira mawu yomwe inkawagwiritsa ntchito, amene akatswiri amawatcha TV White Spaces. Intanetiyo inafika pa sukulu ya atsikana ya St Mary's, ku Airwing kwa asilikali, ndiponso ku chipatala cha Pirimiti, popanda kukumba ngalande ya waya. Zaka zoposa khumi zadutsa. Mayi wogulitsa tomato pa msika wa Songani, m'boma lomwelo la Zomba, akugulabe bandulo ya tsiku limodzi yomwe imatha asanamve mitengo ya ku Limbe, ndipo wophunzira za uphunzitsi ku Domasi amawerengera ndalama asanatsegule buku la pa intaneti. Sayansi inachita mbali yake ndipo inachitira pano. Chomwe chatsalira m'mbuyo ndi malamulo onena za amene aloledwa kugwiritsa ntchito mafunde, malo ake ndi mtengo wake.

Foni, wailesi, kanema ndi Wi-Fi zonse zimayenda pa mafunde a mumlengalenga. Palibe kampani yomwe inapanga mafundewa. Ndi chuma cha dziko. Bungwe la ITU la ku Geneva limagawa ntchito za mafunde pa misonkhano yomwe imachitika pakapita zaka zitatu kapena zinayi, monga wa ku Dubai mu 2023, koma m'dziko muno mwini kiyi ndi MACRA, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 lomwe linakonzedwanso mu 2016. Chizolowezi cha pafupifupi mayiko onse chakhala chopereka chiphaso chimodzi cha dziko lonse, cha zaka zambiri, kwa kampani yaikulu yokhala ndi ndalama, n'kuletsa wina aliyense kukhudza mafundewo. Kampani ikatenga chiphaso chochokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje imamanga nsanja pomwe pali phindu, ndipo sitingaidzudzule pa zimenezo chifukwa ndi malonda. Koma kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse m'Malawi amakhala kumudzi, ndipo kumeneko mbali ina ya mafunde omwe anaperekedwa kale imangokhala. Anthu a ku Zomba, Thyolo ndi Mulanje akudziwa ululu woona munda wa esiteti ukumera tchire pomwe mudzi woyandikana nawo ulibe polima. Za mafunde n'zopweteka koposa, chifukwa munda wogonera umabwezeretsa chonde, pomwe mafunde omwe sanagwire ntchito lero sasungika kuti adzagwire mawa.

Kwa dera ngati la Songani, lomwe lili m'tsinde mwa phiri, mtundu wa mafunde ndi nkhani yaikulu. Wi-Fi wa m'nyumba amafooka akangodutsa makoma awiri kapena atatu. Mafunde a kanema, a pakati pa 470 ndi 694 MHz, amapita makilomita ambiri ndipo salephera msanga akakumana ndi mitengo ya mango, nyumba kapena zitunda. Phiri la Zomba, lomwe nsonga yake imaposa mamita 2,000, likanatha kukhala nsanja yaulere yoyang'ana chigwa chonse cholowera ku nyanja ya Chilwa. Komanso kusamuka kwa kanema kupita ku dijito, komwe mayiko a chigawo chathu anapangana kuti kuchitike pofika pa 17 June 2015 ndipo kunatibweretsera madikoda a Kiliye Kiliye, kunachititsa kuti matchanelo ambiri azikwana pa malo omwe kale ankatenga tchanelo chimodzi. Malo otsala anachuluka.

Umboni wa zomwe zimachitika boma likamasula mafunde uli m'thumba la aliyense wokhala ndi foni yamakono. Mu 1985, bungwe la FCC la ku America linalola anthu kugwiritsa ntchito mafunde ena popanda chiphaso, kuphatikizapo a 2.4 GHz, omwe ambiri ankawaona ngati achabechabe chifukwa ankasokonezedwa ndi makina a m'mafakitale ndi a m'khitchini. Pa mafunde onyozekawo ndi pomwe panabadwira Wi-Fi ndi Bluetooth. Dzikolo linatsegulanso mafunde otsala a kanema mu 2008, ndipo mu 2020 linamasula ma MHz 1,200 ena pa 6 GHz. South Africa inayesa TV White Spaces pa sukulu khumi za ku Cape Town chaka chimodzimodzi ndi ife, ndipo mu 2018 bungwe la ICASA linatulutsa malamulo ake. Ku Britain, kuyambira 2019, bungwe la Ofcom limapereka chiphaso cha dera limodzi kwa munthu wofuna kugwiritsa ntchito mafunde a kampani ya foni pamalo pomwe kampaniyo sikuwagwiritsa ntchito. Wina anganene kuti awa ndi mayiko olemera, koma mudzi wa Talea de Castro, m'mapiri a Oaxaca ku Mexico, unali wosauka ndipo makampani anali ataukana. Anthu ake anamanga netiweki yawoyawo ya foni mu 2013, ndipo mu 2016 boma linapereka chiphaso kwa bungwe la midzi yotere. Ku Mankosi, ku Eastern Cape m'dziko la South Africa, kopaletivi ya Zenzeleni imagulitsa intaneti kwa anthu a m'mudzi mwake momwemo.

Otsutsa ali ndi mfundo, ndipo tiyenera kuziyankha mwaulemu. Yoyamba ndi yoti mafunde akatsegulidwa padzakhala chipwirikiti, kanema azidukaduka ndipo mafoni azisokonekera. Mantha amenewa anali omveka kale, koma makina a masiku ano amayamba afunsa ku kaundula wa pa intaneti kuti adziwe mafunde omwe ali opanda mwini pamalo pomwe aikidwa, ndipo saulutsa kanthu asanaloledwe. Kuyesa kwa ku Cape Town kunachitika dala mumzinda wodzaza ndi mawailesi akanema, ndipo sikunapezeke kusokonekera. Ngati zinatheka kumeneko, n'zovuta kukhulupirira kuti zingakanike pakati pa Songani ndi Malosa. Yachiwiri ndi yoti Airtel ndi TNM analipira ziphaso zawo ndipo anaika ndalama zambiri m'dziko muno. N'zoona, ndipo palibe akunena kuti alandidwe kanthu. Lamulo loyenera ndi lakuti ukapatsidwa mafunde uwagwiritse ntchito, ndipo pomwe sukuwagwiritsa ntchito ulole wina atero mpaka tsiku lomwe udzabwere ndi nsanja yako. Kampani sitaya kasitomala pamalo pomwe sinam'fikire.

Mfundo ya ndalama za boma ndiyo imanenedwa motsitsa mawu, koma ndiyo imalemera kwambiri m'maofesi. Ziphaso zokwera mtengo zimabweretsa ndalama, ndipo dziko losowa ndalama ngati lathu silifuna kutaya khobidi. Komatu ndalama ya chiphaso sichokera kumwamba. Kampani imaibweza kudzera mu mtengo wa bandulo, ndipo wogula yemweyo amalipiranso msonkho wa 10 peresenti womwe unaikidwa pa intaneti mu 2015, kuwonjezera pa VAT. Kulira kwa Data Must Fall mu 2020 kunachokera pamenepa. Mafunde ongokhala ku Songani sabweretsa tambala ku thumba la boma, pomwe sitolo, sukulu ndi chipatala zolumikizidwa zimakulitsa malonda omwe boma limadulapo msonkho.

Chitsutso cholimba koposa n'chakuti TV White Spaces sinakule monga momwe ambiri ankayembekezera, ngakhale m'mayiko omwe anaivomereza. Makina ake sanapangidwe ochuluka, choncho anakhalabe odula, ndipo foni ya m'manja simagwira mafundewo mwachindunji. Ena amawonjezera kuti vuto lenileni ndi magetsi, mtengo wa foni ndi kusowa kwa ndalama zakunja zogulira zipangizo. Zonsezi n'zoona, ndipo munthu wonena kuti lamulo la mafunde lokha lidzathetsa umphawi wa intaneti akunama. Koma phunziro la ku Zomba silinali la makina amtundu umodzi. Linali lakuti Amalawi, akapatsidwa mpata pa mafunde, angathe kumanga netiweki ndi manja awo. Mpata womwewo lero ukufunika pa mafunde a 4G omwe mafoni a anthu amagwira kale, komanso pa mafunde a Wi-Fi otumizira intaneti kuchoka pa nsanja kupita pa ina. Ngakhale Starlink, kampani ya intaneti ya setilaiti yomwe inayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 2023, sichotsa kufunika kumeneku: mbale yake siingagulidwe ndi banja wamba la ku Songani, koma mbale imodzi yogawidwa kwa msika wonse ingatheke ngati malamulo alola wogawayo kugwira ntchito poyera. Ndipo pa zopinga zonse zomwe zatchulidwazi, lamulo la mafunde ndi lokhalo lomwe lingasinthidwe popanda kupempha dola kwa wina aliyense.

MACRA yaonetsa kale kuti ikuimva nkhaniyi kudzera mu ntchito ya Yathu Yathu Data yothandiza magulu a m'madera kukhala ndi netiweki zawo, ndipo lamulo la 2016 linaipatsa thumba la Universal Service Fund lofikitsira mauthenga kumadera otsalira. Koma ntchito yodalira thumba imafika kokha komwe thumbalo lasankha. Chofunika ndi ufulu wolembedwa m'malamulo, woti kopaletivi, sukulu ya mishoni kapena mnyamata womaliza maphunziro ku yunivesite ya ku Zomba athe kupempha chiphaso cha dera limodzi pa mtengo wotheka, n'kuyankhidwa m'nthawi yodziwika. MACRA iyambe ndi kuika poyera mapu oonetsa yemwe ali ndi mafunde ati, ndi madera omwe akuwagwiritsadi ntchito, kuti mtsutsowu ukhale pa umboni. Aphungu a m'boma la Zomba, funsoli ndi lanu: mukalifunse ku Nyumba ya Malamulo pa nkhumano ikubwerayi, ndipo mukapemphe tsiku lenileni lomwe mapuwo adzatuluke.