Chikomekome cha Mkuyu

Tsiku la nyama kuchipinda chodyera, palibe amene amafunsa kuti ndiwoyi yachokera kuti. Timapemphera msangamsanga maso ali pa nthuli. Koma ine ndikuti funsoli ndi lofunika kwa mkhristu aliyense.

Taganizani zimene zidachitika ku Britain. Mulungu adalenga ng'ombe kuti izidya udzu. Koma pofuna mkaka ndi nyama yambiri pa mtengo wochepa, opanga zakudya za ziweto ankagaya mafupa ndi zotsala za nkhosa ndi ng'ombe zophedwa, n'kumadyetsa ng'ombe zinzake. Mu 1986 kudapezeka matenda oononga ubongo wa ng'ombe, aja amati misala ya ng'ombe. Mu 1996 boma la dzikolo lidalengeza kuti matendawa angathe kugwiranso anthu odya nyamayo. Ng'ombe mamiliyoni zidaphedwa, ndipo anthu oposa 170 adamwalira, ambiri a iwo achinyamata. Nyama idatchipa ndithu, koma ena adailipira ndi moyo wawo.

Mwina wina anena kuti izo ndi za kutali. Nanga nkhuku za chizungu zimene zadzaza m'misika mwathu? Nkhuku ya kumudzi imatenga miyezi ingapo kuti ikule, pamene yachizungu imaphedwa itangotha masabata asanu ndi limodzi. Zimakulira mothithikana, ndipo alimi ena amazimwetsa mankhwala ophera tizilombo zisakudwala n'komwe. Tizilombo timazolowera mankhwalawo, kotero kuti munthu akadwala sagwiranso bwino ntchito. N'chifukwa chake mu 2017 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse lidapempha alimi kuti aleke chizolowezi chimenechi.

Sindikunyoza mlimi wa nkhuku ayi. Makolo ambiri amapeza fizi m'khola momwemo, ndipo m'banja losauka nkhuku yotchipa ndi dalitso. Chimene ndikukana ndi mtima woona chiweto ngati makina opangira ndalama. Buku la Genesis limatiphunzitsa kuti munthu adaikidwa m'munda kuti aziulima ndi kuusamala. Papa Francis adatikumbutsa zomwezo mu 2015 m'kalata yake ya Laudato Si'.

Makolo athu, ngati mukuweta, perekani mankhwala pokhapokha ziweto zikadwala, motsata malangizo a alangizi. Ife aseminale, amene tikufuna kudzakhala abusa a anthu, tiyambe ndi kusamala khola la pasukulu pano. Ndipo tisanathokoze Mulungu chifukwa cha chakudya, tidzifunse ngati chafika pa mbale yathu m'njira yomukondweretsa. Paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.