Kalumo ka mlendo: Paul Theroux ndi nkhani ya thandizo

Kuno ku Springfield, mumzinda wa Durban, si zachilendo kumva Chichewa m'mafakitale ndi m'nyumba zosungiramo katundu za m'mbali mwa mtsinje wa Umgeni. Tsiku lina ndinacheza ndi bambo wina wonyamula katundu amene kwathu ku Malawi anali mphunzitsi. Nditawafunsa kuti ana amene anawasiya akuphunzitsidwa ndi yani, anangopukusa mutu. Kuchezaku kunandikumbutsa mlembi wina wa ku America, Paul Theroux, amene wakhala akufunsa funso lomwelo kwa zaka zambiri.

Theroux anabadwa m'chaka cha 1941 ku Medford, m'dera la Massachusetts. Anafika ku Nyasaland mu 1963 ngati wodzipereka wa bungwe la Peace Corps, ndipo anaphunzitsa ku Soche Hill mumzinda wa Blantyre, komwe anaphunziranso chilankhulo chathu. Nduna zitagawanikana ndi Kamuzu Banda mu 1964, iye anathandiza David Rubadiri, kazembe woyamba wa Malawi ku America, powaperekeza mayi ake a kazembeyo pagalimoto mpaka ku Uganda. Boma linamupirikitsa mu 1965, ndipo anakaphunzitsa ku yunivesite ya Makerere. Buku lake la nthano lonena za Malawi, Jungle Lovers, la mu 1971, linaletsedwa m'dziko mwathu kwa zaka zambiri.

Mu 2001 anayenda ulendo wapamtunda kuchokera ku Cairo mpaka ku Cape Town, n'kudzera pasukulu yake yakale ija. M'buku la Dark Star Safari, la mu 2002, anafotokoza kuti anapeza nyumba zitawonongeka ndi mabuku atatha m'laibulale. Mu 2005 analemba m'nyuzipepala ya New York Times kudzudzula anthu otchuka monga woimba Bono. Mfundo yake inali yakuti ndalama zambiri zathandizo zalowa m'Malawi koma umphawi sunathe, ndipo pamene alendo akubwera kudzaphunzitsa ndi kudzachiza, aphunzitsi ndi anamwino athu akupita kunja.

Mawu ameneŵa ndi oŵaŵa, koma akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Inu alangizi ndi inu alimi mukudziwa mijigo imene inaleka kutulutsa madzi chifukwa cha kachitsulo kamodzi, komiti n'kumadikira kuti amene anakumba abwerenso. Mukudziwanso makalabu amene anatha tsiku lomwe ndalama zolipira opita kumaphunziro zinatha. Apa mlendoyu sananame.

Komabe diso la wapaulendo siliona zonse. M'zaka za njala ya 2001 ndi 2002, ku Wimbe m'boma la Kasungu, mnyamata William Kamkwamba anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi. Anayamba kubwereka mabuku m'kalaibulale ka kwawo, momwe munali mabuku amphatso ochokera ku America komweko. Kuchokera m'mabukuwo anapanga makina a mphepo opereka magetsi, pogwiritsa ntchito njinga yakale ndi zitsulo zotola. Nkhani yake inatuluka m'buku mu 2009. Thandizo lomwe Theroux analikayikira linabala zipatso chifukwa linagwera m'manja mwa mwini nkhani, amene sanadikire kuuzidwa chochita.

Phunziro lake n'lakuti thandizo ndi mbewu chabe, munda ndi wathu. Choncho bungwe likafika m'mudzi, tisanaombe m'manja tiyambe tafunsa: pulojekitiyi ikatha, adzakonza makinaŵa ndani? Zitsulo zake zimapezeka kuti, ndipo pamtengo wanji? Kodi thumba la ndalama zokonzetsera lidzasungidwa ndi yani? Nanga mwana wa m'mudzi muno amene aphunzire ntchitoyi tidzamusunga bwanji kuti asakanyamule katundu ku Durban?

Theroux anabwereranso ku Malawi m'nthano yake ya mu 2012, The Lower River, yonena za mzungu wokalamba wopita kuchigwa cha Shire kukafuna mudzi umene ankaukumbukira. Iye ali ndi ufulu wolemba zimene anaona. Koma mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Otsala ndi mjigo, munda ndi sukulu ndife, ndipo mbiri ya zimene zinatheka ndi zimene zinakanika m'midzi yathu tiyenera kuilemba tokha, ngakhale m'kope la komiti.