Tisamailumphe Nyengo ya Eocene

Aphunzitsi anzanga, ana athu amamudziwa Malawisaurus wa ku Karonga. Koma afunseni zomwe zidachitika madainoso atatha zaka 66 miliyoni zapitazo, kalasi yonse zii!

Ine ndikuti tiziwaphunzitsa za Eocene. Nyengoyi idayamba zaka 56 miliyoni zapitazo, pamene dziko lidatentha ndi madigiri 5 mpaka 8 chifukwa cha kuchuluka kwa kaboni mumlengalenga. M'pamene padaoneka makolo a mahatchi, anyani ndi mbuzi. Hatchi yoyambirira idali ngati kagalu, ndipo kutenthako kudaichepetsa mpaka kufanana ndi mphaka.

Mwana akamva zimenezi, za kusintha kwa nyengo sangoloweza pamtima kuti akhoze mayeso, amazimvetsa. Inu amene mudadutsa m'manja mwanga, mundikhululukire, nanenso ndinkangoilumpha.