MAGAZI M'CIMBUDZI: MIZU YOKHA SIKWANIRA

Kuno ku Lundazi munthu akaona magazi m'cimbudzi amangoti ndi kamwazi, nathamangira kwa sing'anga. Amalandira botolo la mizu. Ikalephera, ena amampopera mankhwala kumbuyo, ndipo miyezi imapita.

Ife sitinyoza mitengo ai. Ngakhale irinotecan, mankhwala amene madokotala amapatsa odwala khansa ya m'matumbo, gwero lace ndi mtengo wa ku China. Koma anapyola zaka zambiri akuyesedwa asanapatsidwe kwa anthu.

Bvuto lagona apa. Thumbo lalikulu, mmene khansayi imamera, liri kumapeto kwa njira ya cakudya. Madzi a mizu asanafikeko amayamba apyola m'cifu ndi m'matumbo ang'ono, ndipo mphamvu yace yambiri imathera panjira. Ndico cifukwa cace akatswiri a maiko akunja akuyesa kukuta mphamvu ya cikasu, cija amai amathira m'ndiwo, m'timibulu tosasungunuka kufikira titafika pamene pali zironda. Colinga cao ndi kuletsa kutupa, pakuti thumbo limene lakhala lotupa ndi la zironda zaka 8 kapena 10 limagwidwa khansa msanga kuposa labwino. Nzeru ndi yabwino. Komatu kuyesaku kwacitika makamaka pa mbewa, zoweta m'nyumba zofufuziramo osati zathu za ndiwo zija, ndipo palibe mbulu wa cikasu umene watsimikizidwa kuti uteteza munthu ku khansa. Wokugulitsani wotere pamsika angofuna ndalama zanu za fodya ndi soya.

Kupopa nako nkoopsa, cifukwa mankhwala aukali amaotca thumbo limene liri kale ndi zironda.

Tikupemphani, makolo athu: magazi akapitirira masabata awiri, kapena munthu akuonda ndi kutsegula m'mimba kosaleka, mutengereni ku cipatala ca boma ca Lundazi. Kawiri-kawiri amapeza kamwazi kapena likodzo la m'matumbo, matenda ocizika msanga. Akakaika amamtumiza ku Chipata, ngakhale ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, cimene cinatsegulidwa mu 1907 ai, koma posacedwapa mu 2007. Agogo athu analibe mwai umenewu.

Asing'anga a m'bungwe la THPAZ, pamodzi ndi a nyakwawa, atithandize kutumiza odwala otere msanga. Ndipo popita, nyamulani botolo la mizu lija kuti a dokotala aone cimene wodwala wakhala akumwa.