Chipangizo cha Galimoto Sichidikira Malipiro

Masiku ano si zachilendonso kuona mphunzitsi ataimika galimoto yake pansi pa mtengo wa mango kusukulu, kapena mnyamata wotsiriza Fomu 4 atayamba ntchito ya udalaivala. Zambiri mwa galimoto zimenezi nzogwirapo kale ntchito ku Japan, zoloŵa m'Malaŵi kudzera ku Dar es Salaam kapena ku Beira, ndipo kaŵirikaŵiri zimafika popanda mbiri ya m'mene zinkasamalidwira. Tsono tsiku la sevisi likakwana, mwini wake amaima pagalaja ndi funso limodzi: nchiti chofunika kusintha lero, nanga nchiti chingadikire?

Ambiri amayankha funsoli poyang'ana m'thumba, nadikira kuti chinthu chiyambe chathyoka. Ena amangovomera zonse zimene makaniko wanena, nataya zipangizo zikadali zolimba. Onseŵa amawononga ndalama, koma oyambawo angathe kutayanso moyo. Choyenera kulamula ndi buku la opanga galimotoyo pamodzi ndi muyeso, pakuti zipangizo zili m'magulu aŵiri.

Gulu loyamba ndi la zinthu zosinthidwa poŵerenga makilomita kapena miyezi, ngakhale zikuoneka zabwinobwino. Oilo wa injini ndi sefa yake amasinthidwa pakatha makilomita 5,000 mpaka 10,000, malinga ndi mtundu wa injini. Ndipo woyenda m'miseu yafumbi ayenera kutsata chiŵerengero chaching'onocho. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi pang'onopang'ono, nchifukwa chake opanga ambiri amati asinthidwe pakatha zaka ziŵiri. Akakhalitsa amaŵira msanga, kotero kuti potsika chitunda cha ku Chikwawa kapena cha ku Chiweta, pamene mabuleki amatentha kwambiri, dalaivala angaponde chopondera mpaka pansi galimoto osaima. Chimodzimodzinso lamba wa taimingi: pa injini zambiri za ku Japan amasinthidwa pa makilomita 100,000, ndipo sachenjeza asanaduke. Pa injini zina akaduka, mapisitoni amawomba mavavu, ndipo amene anaumira mtengo wa lamba amadzalipira mtengo wophwasulira injini yonse.

Gulu lachiŵiri ndi la zinthu zosinthidwa munthu ataziona ndi kuziyeza. Mapadi a mabuleki akaperepeseka kufika pa mamilimita 3, nthaŵi yake yakwana. Koma ngati akadali ochindikala palibe chifukwa chogulira ena. Tayala lili ndi timizere totumphuka m'kati mwa ngalande zake. Mapanga akadyeka mpaka kulingana ndi timizereto, ndiye kuti atsala mamilimita 1.6 okha, ndipo tayalalo silingagwire mseu pa mvula. M'mbali mwake mulinso manambala anayi onena zaka zake: 2319 atanthauza sabata la 23 la chaka cha 2019. Wogula matayala a kaunjika aziŵerenga manambalaŵa, popeza labala imauma ndi kung'aluka ngakhale mapanga akuoneka akuya. Sefa ya mpweya nayo iziyang'anidwa pa sevisi iliyonse, makamaka m'chilimwe pamene fumbi limachuluka.

Pamenepa mpoonekeratu kuti mwini galimoto sayenera kukhala mlendo pa chuma chake chomwe. Safunsa anadya phula. Nkoyenera kufunsa makaniko chifukwa chosinthira chipangizo chilichonse, kupempha kuona chakalecho, ndi kulemba m'kope tsiku, makilomita ndi dzina la chimene chasinthidwa. Makaniko wokhulupirika sakwiya ndi mafunso otere. Amene wangogula kumene galimoto yopanda mbiri achite bwino kusinthiratu oilo, mafuta a mabuleki ndi lamba wa taimingi ngati injini yake ili naye, kuti kopelo liyambire pa zinthu zodziŵika. Asanyengedwenso ndi chiphaso cha COF, pakuti chimangochitira umboni za tsiku limene galimoto inayesedwa; sichiloŵa m'malo mwa sevisi.

Mphunzitsi amasunga kaundula wa ana ake tsiku ndi tsiku, osadikira kuti mayeso afike. Mwambo womwewo ndiwo ufunika pa galimoto, chifukwa pa mipando yake pamakhala ana, makolo ndi anansi amene sadziŵa kuti lamba ndi mabuleki zinaonedwa liti. Iwo amangokhulupirira mwini wake.